Mafunso anu: N'chifukwa chiyani matimu a NFL amalimbirana quarterback chonchi?

Mwezi uno makalata atatu abwera pa nkhani imodzi, mpira wa ku America uja wa zisoti, umene ligi yake yaikulu ndi NFL. Zikuoneka kuti ambiri mwayamba kuugwira pa ESPN usiku ena atagona, ndiye ndaika mafunsowa pamodzi. Loyambalo ndi limene landidyera malo ambiri.

FUNSO: Amalume, ine ndine wa Zanaco kuyambira ndili mwana koma chaka chatha mzanga anandizoloweza NFL ndipo manje ndakodwa. Chimene sindimvetsa ndi ichi amati draft. Kuno ngati timu ili ndi ndalama imangogula player basi, koma kumeneko ndimva ati timu yomwe yaluza kwambiri ndiyo imayamba kusankha, ndipo nthawi zonse amathamangira quarterback. Amamusankha bwanji, nanga bwanji amalakwitsa kawirikawiri chonsecho ali ndi ndalama zonse zija? Wowerenga wa ku Matero.

YANKHO: Mphwanga, wafunsa bwino, ndipo tiyambe ndi draft yeniyeniyo kuti ena osaidziwa asatsalire. NFL ili ndi matimu 32, palibe kutsika ligi ngati kuno kwathu, ndiye kuti matimu ofooka asamangokhala pansi mpaka kalekale anakonza zoti chaka chilichonse kumapeto kwa April anyamata ochokera m'makoleji agawidwe mwa dongosolo. Timu imene yachita moipa kuposa onse ndiyo imasankha koyamba, imene yatenga Super Bowl, fainolo ya chikho cha ligiyi, imasankha pa nambala 32, kenako amayambiranso mpaka maraundi 7. Draft anaiyamba mu 1936. Mnyamata sasankha timu, timu ndi imene imamusankha. Tangoganiza Patson Daka ali wamng'ono akuuzidwa kuti iwe ukupita ku timu imene yathera kumchira kwa ligi, ufune usafune. Kwa ife zimamveka zachilendo koma kumeneko ndi mmene zilili.

Tsopano quarterback. Anthu amakonda kunena kuti ali ngati nambala 10, koma ine ndimakana, nambala 10 akhoza kusowa mphindi makumi awiri timu n'kumasewerabe. Quarterback amagwira mpira pafupifupi pa sewero lililonse timu yake ikamaukira. Kochi amamuuza sewero kudzera pa kawailesi kali m'chisoti, kawailesiko amakadula kukatsala masekondi 15 pa wotchi, kuchokera apo ali yekha. Ayang'ane mmene adani 11 aimira, aone ngati sewero lomwe wauzidwa ligwire kapena alisinthe pompo, alandire mpira, ndiye ali ndi masekondi awiri kapena atatu kuti aponye zimphona zolemera makilo oposa 120 zisanamugwere. Ukhale ndi otchinga abwino, othamanga abwino, koma ngati uyu mutu wake uli wochedwa palibe chimene mungapindule. N'chifukwa chake timu ikapeza mwayi wosankha koyamba ndipo ilibe quarterback wodalirika, sichedwa. Mu 2024 anyamata asanu ndi mmodzi a malo amenewa anatengedwa m'manambala 12 oyambirira: Caleb Williams, Jayden Daniels ndi Drake Maye anapita 1, 2, 3 motsatizana, kenako Michael Penix Jr., J.J. McCarthy ndi Bo Nix.

Ine draft ya chaka chimenecho ndinaionera pa foni, malaiti atapita, ndili pakhonde cha m'ma 02:00 chifukwa ku America imayamba 8 koloko usiku ndipo kuno imatipeza pakati pa tulo. Bandulo inatha tisanafike pa nambala 15 koma zomwe ndimafuna ndinali nditaziona kale.

Amamusankha bwanji? Choyamba ndi vidiyo. Ma scout amakhala chaka chonse akuyenda m'makoleji, amaonera gemu iliyonse imene mnyamatayo anasewera, osati zidutswa zokoma zija timatumizirana pa WhatsApp ayi, amafuna kuona pamene zinthu zavuta. Akagwetsedwa kawiri katatu amayamba kuchita mantha? Akaponya mpira n'kugwidwa ndi mdani, sewero lotsatira amabwerera bwanji? Maso ake amakhala pa munthu mmodzi kapena amayenda, woyamba watsekedwa, wachiwiri watsekedwa, wachitatu uyo? Amafunsanso aliyense amene anakhala naye, makochi akale, aphunzitsi, olo amene amachapa majezi, chifukwa amafuna adziwe khalidwe lake pamene palibe kamera.

Kenako kuli Combine, imachitikira ku Indianapolis cha kumapeto kwa February, anyamata oposa 300 amaitanidwa. Kumeneko amawayeza ngati ng'ombe pamsika, sindikunena monyoza, ndi mmene zimaonekera ndithu: kutalika, kulemera, kuthamanga mayadi 40, madokotala kufufuza bondo lililonse ndi phewa lililonse. Mpaka chikhatho amachiyeza kuchokera ku chala chachikulu kufika ku chaching'ono, akuti wa dzanja laling'ono mpira umamupulumuka kukakhala mvula kapena chisanu. Joe Burrow dzanja lake linapezeka mainchesi 9, anthu anayankhula kwambiri kuti ndi laling'ono, koma Cincinnati inamutengabe nambala 1 mu 2020 ndipo mu sizoni yake yachiwiri anawafikitsa ku Super Bowl.

Gawo limene ine ndimaliona lofunika kuposa onse ndi la m'kachipinda. Timu imakhala ndi mnyamatayo mphindi zosakwana 20, kochi amajambula sewero pa bolodi, amafufuta, amayamba kucheza naye za kwawo, za amayi ake, kenako mwadzidzidzi amamupatsa cholembera kuti tajambula chija ndinakuonetsa, undiuzenso ntchito ya munthu aliyense. Pena amamuikira vidiyo ya gemu imene analakwitsa kwambiri kuti aone ngati avomere kuti apa ndinalakwa ndine kapena aloze chala anzake. Amene amukondadi amamuitananso kwawo tsiku lonse, timu iliyonse imaloledwa kuitana anyamata 30.

Ndiye ufunse kuti ndi zonsezi amalakwitsa bwanji. Yankho langa ndi lakuti zimene angathe kuyeza ndi tepi ndi wotchi si zimene zimapambanitsa gemu. Mkono amauona, miyendo amaiona, koma liwiro la mutu pamene anthu 70,000 akukuwa ndipo nthiti zikupweteka palibe sikelo yake. Ku koleji mnyamata wabwino nthawi zambiri amakhala ndi anzake oposa adani awo, woti amuponyere amakhala ali poyera. Ku NFL mpata umakhala ngati zenera la minibasi, ndipo umatsekeka usanaphethire.

Taona za 1998. Panali anyamata awiri, Peyton Manning ndi Ryan Leaf, ndipo anthu ankatsutsana zenizeni kuti wabwino ndani, ambiri ankati Leaf ali ndi mkono wamphamvu. Indianapolis inatenga Manning, San Diego inatenga Leaf pa nambala 2. Manning anadzakhala MVP, wosewera woposa onse mu sizoni, kasanu n'kutenga Super Bowl kawiri. Leaf patangotha zaka zitatu San Diego inamusiya. Mu 2007 Oakland Raiders inatenga JaMarcus Russell nambala 1, chimnyamata chachitali cha mkono woopsa, aliyense akachiona chikuponya ankangogwira pakamwa. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, pofika 2010 anali atachotsedwa ndipo sanasewerenso mu NFL.

Mbali inayo ndi Tom Brady. Mu 2000 ku Combine anathamanga mayadi 40 aja m'masekondi 5.28, kumeneko ndi kuchedwa kwambiri, thupi lake silinkaoneka ngati la katswiri, ma quarterback asanu ndi mmodzi anatengedwa iye asanatchulidwe. New England inamutola pa nambala 199, raundi ya 6. Anatenga Super Bowl kasanu ndi kawiri. Matimu onse anamudumpha kangapo, kuphatikizapo New England yomweyo, ndiye asakunamize munthu kuti iwo anadziwiratu.

Palinso nkhani ya ndalama imene ambiri saiganizira. NFL ili ndi malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera onse pamodzi pa chaka, mu 2024 anali madola pafupifupi 255 miliyoni, olemera ndi osauka malire ndi omwewo. Quarterback wodziwika kale amadya gawo lalikulu, Dak Prescott wa Dallas anasaina madola 60 miliyoni pa chaka mu 2024. Koma wongochoka ku koleji malipiro ake anaikidwiratu kuyambira 2011. Zisanasinthe, Sam Bradford mu 2010 anapatsidwa kontirakiti ya madola 78 miliyoni asanaponye mpira ndi umodzi womwe, chaka chotsatira Cam Newton amenenso anali nambala 1 anapeza pafupifupi 22 miliyoni pa zaka zinayi. Ndiye ukapeza mnyamata wabwino mu draft uli ndi zaka zinayi, zisanu ngati ndi wa raundi yoyamba, zoti ukumulipira zochepa ndipo ndalama zotsalazo ukugulira anthu omuzungulira. Seattle inachita zimenezi ndi Russell Wilson, anamutenga raundi ya 3 mu 2012 chifukwa ena ankati ndi wamfupi, mu February 2014 anali atanyamula chikho. Apa ndi pamene pamachokera phuma lonse lija.

Phumalo limafika poti timu imagulitsa tsogolo lake. Manambala a draft amasinthanitsidwa ngati katundu, ukhoza kupereka mwayi wako wa chaka chamawa ndi chinacho kuti ukwere pamwamba lero. Kansas City mu 2017 inachoka pa 27 kufika pa 10, inapatsa Buffalo raundi yoyamba ya chaka chotsatira, n'kutenga Patrick Mahomes, ndipo palibe amene amadandaula za mtengowo lero. Koma chaka chomwecho Chicago inakwera kuchoka pa 3 kufika pa 2 kuti itenge Mitchell Trubisky, Mahomes ali pompo. San Francisco mu 2021 inawononga maraundi oyamba a zaka zitatu pa Trey Lance, mnyamatayo anavulala, sanasewere magemu ambiri, mu 2023 anamutumiza ku Dallas. Amene anadzafikitsa San Francisco ku Super Bowl ndi Brock Purdy, munthu womaliza kutengedwa mu draft yonse ya 2022, nambala 262. Imene imandiwawa kwambiri ndi ya Carolina. Mu 2023 anapereka wosewera wawo wabwino DJ Moore pamodzi ndi manambala angapo kwa Chicago kuti atenge Bryce Young, sizoni imeneyo anapambana magemu awiri okha mwa 17, ndiye nambala 1 ya 2024 imene ikanakhala yawo inapita ku Chicago, ndi imene anatengera Caleb Williams.

Koma mphwanga, pali chinthu chimene ndikufuna uchigwire chifukwa ndi pamene ine ndimasiyana ndi anthu ambiri olankhula za mpirawu. Timakonda kunena kuti timu inasankha molakwika, ngati kuti mnyamatayo anabwera wowola kale. Nthawi zambiri si choncho. Kumbukira kuti amene amasankha koyamba ndi timu yoipa kuposa zonse, ilibe omutchinga, ilibe omulandira mpira, kochi ali pafupi kuchotsedwa ntchito. Mwana wa zaka 22 akumuika pamenepo n'kumuuza kuti tipulumutse. David Carr anatengedwa nambala 1 mu 2002 ndi Houston Texans, timu imene inali itangobadwa kumene, ndipo m'sizoni yake yoyamba anagwetsedwa ka 76 asanaponye. Ka 76! Munthu womenyedwa choncho amayamba kuyang'ana amene akubwera kudzamugunda m'malo moyang'ana kutsogolo, ndipo chizolowezi chimenecho sichichoka. Bryce Young uja kochi wake anachotsedwa patangotha magemu 11. Sam Darnold anthu anamutaya kale atavutika ku New York Jets, koma mu 2024 ali ku Minnesota kwa kochi wodziwa ntchito timu inapambana magemu 14. Munthu yemweyo, mkono womwewo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo matimu ambiri amagula mutu asanaimike nsanamira.

FUNSO: Achimwene, ine ndi amuna anga timatsutsana. Iwo akuti mwana akatengedwa raundi yoyamba asewere pompo chifukwa ndalama zapita kale, ine ndikuti ayambe wakhala pa benchi aphunzire. Tiweruzeni. Mayi wa ku Chilenje.

YANKHO: Alongo anga, ndikuopa kulowa m'nyumba ya eni koma poti mwandiitana, ndili mbali yanu, ngakhale si kotheratu.

Umboni wanu ndi Green Bay. Mu 2005 Aaron Rodgers ankayembekezeka kupita koyambirira, anamuitana ku holo ya draft atavala suti, makamera ali pa iye, anzake akutchulidwa mmodzimmodzi n'kumachoka mpaka anatsala yekha patebulo maola angapo, nkhope itagwa. Green Bay inamutenga pa 24, n'kumukhazika zaka zitatu kumbuyo kwa Brett Favre. Atalowa anali wakupsa, anadzakhala MVP kanayi. Timu yomweyo inabwerezanso mu 2020, inatenga Jordan Love pa 26 Rodgers akadalipo, nayenso anadikira zaka zitatu. Mahomes naye chaka chake choyamba anasewera gemu imodzi yokha yomaliza, nthawi yonseyo ankaonera Alex Smith, chaka chotsatira ndi pamene anatenga MVP. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma abambo akunyumbawo asaoneke ngati alibe mfundo. Peyton Manning anasewera kuyambira tsiku loyamba, mipira yake 28 inagwidwa ndi adani, timu inapambana magemu atatu okha, ndipo chaka chotsatira inapambana 13. C.J. Stroud mu 2023 ndi Jayden Daniels mu 2024 analowa pompo n'kufikitsa matimu awo ku ma playoff. Zaka zotchipa zija ndafotokoza pamwambapa nazonso zimatha mwana ali pa benchi, eni timu zimawawawa.

Chimene ndimaona ine ndi chakuti matimu amene anakwanitsa kudikira ndi amene anali kale ndi quarterback wabwino ndi kochi wosaopa kuchotsedwa. Green Bay inali ndi Favre, Kansas City inali ndi kochi Andy Reid ndi Smith. Timu yovutika imalonjeza mu April kuti mwanayu sitimuthamangitsa, ikaluza magemu atatu mu September masapota ayamba kukuwa, manyuzipepala alemba, kochi akuona ntchito ikupita, basi mwana uja walowa asanakonzeke. Ndinazionapo kuno komwe ndi mwana wa mlongo wanga, goloboyi wa zaka 17, timu ina ya m'madivishoni apansi inamuika pagolo chifukwa wamkulu anavulala ndipo panalibe wina. Anamwetsedwa zigoli zinayi, anthu kumbuyo kwa golo akumutukwana mpaka kutchula amayi ake. Anabwera kunyumba osalankhula, magolovesi anawaika pansi pa bedi, panatenga miyezi kuti awatulutsenso. Luso anali nalo ndithu, nthawi yake inali isanakwane. Ndiye muwauze abambowo kuti ngati omutchinga mwanayo ndi ofooka, benchi ndi yabwino, ndalama zimene akudandaulazo zimatayika kwambiri mwana akathyoka mtima.

FUNSO: Amalume, mafunso awiri achidule. Player angakane timu imene yamusankha? Ndipo mwana wa kuno ku Zambia angalowe mu draft? Ine ndili giredi 11 ndipo ndimaponya mwala patali kuposa aliyense mu komboni yathu. Mnyamata wa ku Mtendere.

YANKHO: Loyambalo, zinachitikapo koma kawirikawiri ayi. John Elway mu 1983 anakana Baltimore Colts, anali ndi mphamvu chifukwa akanatha kukasewera baseball, ndiye anamutumiza ku Denver. Eli Manning mu 2004 ananeneratu kuti San Diego sakapitako, anamutengabe n'kumusinthanitsa tsiku lomwelo ndi New York Giants. Onsewa anali nambala 1, mwana wamba alibe mphamvu zimenezo, akakana ndiye kuti akhala chaka osasewera.

Lachiwirilo ndikuyankha mosabisa mwana wanga chifukwa sindifuna kukunamiza. Lamulo limati pakhale patapita zaka zitatu chimalizireni sekondale, ndipo pafupifupi onse amadzera m'makoleji a ku America. Pali njira ina imene NFL inatsegula mu 2017 ya anthu akunja, International Player Pathway, Jordan Mailata wa ku Australia anadzera mmenemo kuchokera ku rugby, Philadelphia inamutenga raundi ya 7 mu 2018 asanasewereko gemu ya mpirawu ndi imodzi yomwe, ndipo anadzatenga nawo Super Bowl mu 2025. Mu 2022 NFL inachititsanso kampu yofufuza anyamata ku Ghana. Koma amene amadutsa njira imeneyi ambiri ndi a malo ofuna thupi ndi liwiro. Quarterback ndi nkhani ina, anzako a ku Texas anayamba kuwerenga adani ali ndi zaka 8, pofika msinkhu wako aponya kale mipira masauzande pamaso pa makochi. Mkono wako ndi mphatso koma monga waonera pamwambapa mkono ndi gawo laling'ono.

Chimene ungachite panopa, maliza sukulu bwino chifukwa makoleji amenewo amayang'ananso magiredi. Lowa rugby, muno mu Lusaka matimu alipo, uzolowere kugundana. Fufuzanso flag football, ndi mpira womwewu koma wopanda kugwetsana ndi zisoti zodula, umangofuna mpira, malamba ndi bwalo, ndipo ukhala nawo pa Olympics ya ku Los Angeles mu 2028. Sonkhanitsa anzako asanu asanu pa bwalo la sukulu Loweruka, iwe ukhale woponya, wina akujambuleni pa foni, madzulo uzionera wekha kuti maso ako amapita kuti usanaponye. Ukachita zimenezi miyezi itatu undilemberenso, undiuze kuti pa mipira khumi ingati ikufika m'manja mwa munthu akuthamanga.